Foni yakaunjika: iyeseni ndalama zikadali m'thumba

Mayi ena a kwathu ku Ntcheu, amene amagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Johannesburg, adandionetsa foni yawo tsiku lina Lamulungu titangotuluka m'tchalitchi. Idali foni yooneka bwino ndithu, galasi lake losalala lopanda ndi kamng'alu komwe. Adaigula pa mtengo wa R1,500 kwa mnyamata amene adakumana naye pokwerera minibasi, ndipo kwa masabata awiri idagwira ntchito popanda vuto. Sabata yachitatu adadzuka m'mawa n'kupeza netiweki itasowa. Adaikamo SIM ya mnzawo, koma sizidathandize. Atapita kusitolo ya kampani ya mafoni adauzidwa kuti foniyo idatsekedwa chifukwa mwini wake adakanena kuti idabedwa. Nambala ya mnyamata uja idali itasiya kale kupezeka.

Ndidawafunsa ngati adamufunsa komwe adaitenga, ngati adaona chiphaso chake, ngati adawalembera kanthu kalikonse. Adandiyankha kuti: "Achimwene, ndikadayamba bwanji? Mwanayo adali waulemu, amalankhula Chichewa chakwathu, mpaka adanditchulira mudzi wa amayi ake. Kumufunsa zonsezo kukadakhala ngati ndikumuyesa wakuba. Ndidachita manyazi."

Manyaziwo ndiwo andichititsa kulemba nkhaniyi. Ambiri a ife tidaleredwa m'makomo momwe kufunsa mafunso ambiri kumaoneka ngati mwano, ndipo ntchito zimene tikugwira kuno zatizoloweza kwambiri kuvomera mwamsanga ndi kusachedwetsa munthu. Adona akalankhula timati inde, kapitawo akaloza mzere timagwira khasu. Khalidwe limeneli timapita nalo ndi kumsika, kumene wogulitsa amadziwa bwino kuti munthu wamanyazi amalipira msanga. Koma pogula foni inu ndinu abwana. Ndalama zikadali m'thumba mwanu muli ndi mphamvu zonse, ndipo zikangosamukira m'manja mwa winayo mwatsala ndi kupempha basi.

Taganizirani kaye kuti R1,500 ndi chiyani. Pa 1 Malichi 2025, malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo ku South Africa adaikidwa pa R28.79 pa ola, ndipo ogwira ntchito m'nyumba ndi m'mafamu ali pa mlingo womwewo ndi ena onse. Pa mlingo umenewu, foni ya mayi aja idawadyera maola oposa 52 akuchapa, akusita, akukolopa. Ndi sabata yathunthu ya ntchito ndi tsiku lina pamwamba, ndipo tonse tikudziwa kuti alipo ambiri pakati pathu amene ngakhale mlingo wa lamulowo saulandira. Munthu amene wagwira ntchito maola 52 ali ndi ufulu wotenga theka la ola kuyang'ana chimene akugula, kaya wogulitsayo akwinye nkhope chotani.

Komanso foni kwa munthu wokhala kudziko la eni si chinthu chodzionetsera. Ndi pafoni pamene amakupezerani akafuna kukupatsani ganyu. Ndi pafoni pamene pamabwera timanambala tachinsinsi ta kubanki, ndi pomwe mumatumizira ndalama kumudzi kudzera ku Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa. M'menemo ndi momwe muli zithunzi za pasipoti ndi chilolezo chanu. Ndipo chimene ambiri amachizindikira mochedwa n'chakuti foni ndi mboni. Mukachotsedwa ntchito mopanda chilungamo muli ndi masiku 30 okha okadandaula ku CCMA, ndipo Khoti la za Ntchito lidagamula mu 2008 kuti ngakhale mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chidatha amatetezedwabe ndi malamulo a ntchito. Koma kumeneko adzafuna umboni woti mudalidi pantchito. Ambiri a ife tilibe kalata ya mgwirizano. Chimene tili nacho ndi mauthenga a pa WhatsApp onena kuti mubwere Loweruka, uthenga wa kubanki woonetsa ndalama zimene zidalowa, chithunzi cha pepala la malipiro, chithunzi cha dzanja lovulala. Kuyambira pa chigamulo cha Khoti la Malamulo Aakulu cha mu Novembala 2020 pa mlandu wa Mahlangu, ogwira ntchito m'nyumba nawonso ali ndi ufulu wa chipukuta misozi akavulala pantchito, ndipo pamenepanso chithunzi chokhala ndi tsiku lake chimathandiza. Foni ikafa kapena ikatsekedwa mwadzidzidzi, nthawi zambiri imapita ndi zonsezi.

N'chifukwa chake funso loyamba lisakhale la kamera kapena kukula kwa galasi. Funso loyamba ndi lakuti foniyi ndi ya yani.

Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya manambala 15 yotchedwa IMEI. Mukaimba *#06# ngati mukuimbira munthu, nambalayo imaoneka pagalasi nthawi yomweyo, ndipo foni yolowa ma SIM awiri imaonetsa nambala ziwiri. Iyerekezeni ndi imene ili mu Settings pansi pa About phone, ndi imene ili pabokosi ngati bokosi lilipo, komanso imene opanga ena amailemba kumbuyo kwa foni kapena pakathireyi ka SIM. Zikasiyana, ndiye kuti bokosilo ndi la foni ina kapena wina adagwiragwira m'kati, ndipo palibe chifukwa chopitirizira kukambirana. Nambala imeneyi ndi imene makampani a Vodacom, MTN, Cell C ndi Telkom amagwiritsa ntchito potseka foni imene mwini wake wanena kuti yabedwa, ndipo ikatsekedwa kumodzi imakanidwa pa netiweki zonse za m'dzikomo. Ikani SIM yanu, muimbe, mulandire foni, mutsegule intaneti ya data osati ya Wi-Fi. Foni yotsekedwa imagwira bwinobwino pa Wi-Fi, ndiye wogulitsa amene akukuonetsani mavidiyo pa Wi-Fi ya m'sitolo koma akukana kuti muikemo SIM yanu ali ndi chimene akubisa.

Apa ndiyenera kunena zoona: kuyesa kumeneku sikukadawapulumutsa mayi a ku Ntcheu aja. Tsiku limene ankagula, foni idali isadatsekedwe. Mwini wake akhoza kuchedwa kukanena masiku angapo, ndipo m'masiku amenewo foni yakuba imaimba ngati ina iliyonse. Chimene chikadawathandiza ndi pepala lokhala ndi dzina la wogulitsa, nambala ya chiphaso kapena pasipoti yake, IMEI ya foni, mtengo, tsiku ndi siginecha. Wakuba sakonda cholembera. Mukangotulutsa pepala n'kupempha kuona chiphaso, ambiri a iwo amakumbukira kuti ali ndi ulendo wina, ndipo kuthawa kwawoko ndi yankho lokwanira.

Nkhani ya foni yakuba si yotaya ndalama yokha. Ku South Africa, ndime 36 ya General Law Amendment Act ya 1955 imati munthu wopezeka ndi katundu woganiziridwa kuti ndi wakuba, n'kulephera kufotokoza mogwira mtima mmene adamupezera, wapalamula mlandu. Ndime 37 imakhudza wolandira katundu wakuba popanda chifukwa chomveka chokhulupirira kuti womupatsayo adali mwini wake. Kunena kuti "ndidagula kwa mnyamata wina pamsewu" si kufotokoza kogwira mtima. Mbadwa ikagwidwa ndi foni yotere imavutika, koma mlendo amavutika kawiri, chifukwa nkhani imene idayamba ndi foni imafika msanga pa mapepala, ndipo kwa ena imathera ku Lindela. Lisiti imene mukuchita nayo manyazi kupempha ndi imene ingakutulutseni m'chitokosi.

Pali china chimene sitikonda kuchinena. Foni yotchipa modabwitsa ija idachoka m'thumba mwa munthu, ndipo kawirikawiri munthuyo ndi wonga inu ndi ine: mayi wotsika minibasi kukada, mnyamata wochokera kumunda wa mphesa Lachisanu atalandira. Akuba amaba chifukwa ogula alipo. Ena amati aliyense amagula zoterezi, ndiye ine ndekha ndisinthe chiyani? Ine sindikukhulupirira kuti aliyense amagula. Ndipo amene amatero, tsiku lawo lolandidwa likafika amalira mofanana ndi ena onse.

Ngati mukugula m'sitolo, malamulo ali kumbali yanu kuposa mmene ambiri amaganizira. Second-Hand Goods Act ya 2009 imalamula kuti wochita malonda a katundu wogwiritsidwa kale ntchito alembetse kupolisi, apachike satifiketi yake poonekera, ndipo azisunga kaundula wa anthu amene amugulitsa katunduyo. Yang'anani pakhoma. Consumer Protection Act ya 2008 imakupatsani miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu amene wapezeka ndi vuto, ndipo ndinu amene mumasankha kuti akonze, asinthe kapena abweze ndalama. Izi zimakhudzanso katundu wakale, kupatula vuto limene adakuuzani momveka musanagule inu n'kuvomera. Choncho wogulitsa akanena kuti batire ndi lofooka pang'ono, mawu amenewo ali ndi tanthauzo, ndipo alembedwe palisiti pamodzi ndi zonse zimene walonjeza. Lamulo limeneli siligwira ntchito pamene munthu wamba akugulitsa foni yake kwa munthu wamba mnzake, monga zimakhalira pa Facebook kapena pakati pa anthu a pafamu imodzi. Pamenepo chimene mwachiona ndi maso anu ndi chimene mwagula. Khoti la milandu ing'onoing'ono, Small Claims Court, limamva milandu ya ndalama zochepa popanda loya, koma simungasumire munthu amene dzina lake lenileni ndi komwe amakhala simukuzidziwa.

Umwini ukadziwika, pali maloko atatu oti muwafufuze, ndipo onse saoneka ndi maso foni ikangoyaka.

Loko yoyamba ndi ya akaunti ya mwini wakale. Mafoni a Android kuyambira mu 2015, ndi a iPhone kuyambira mu 2013, adapangidwa moti akhoza kukana kutseguka mpaka mutalemba imelo ndi pasiwedi ya munthu amene ankaigwiritsa ntchito poyamba. Cholinga chake n'chabwino, ndi kukhaulitsa akuba, koma chimakhaulitsanso wogula wosalakwa. Foni ikhoza kugwira ntchito miyezi ingapo, tsiku lina mwana waisokoneza, mwaipititsa kokonzetsa kuti aifufute, ndipo ikuyaka ikufunsa akaunti ya munthu amene simudamuonepo. Njira yake ndi imodzi yokha. Wogulitsa achotse akaunti yake ya Google, ya Samsung kapena ya Apple inu mukuona, kenaka afufute foni yonse kuti ibwerere mmene idachokera kufakitale, ndipo inu muiyatse, muilumikize pa intaneti, mudutse masitepe onse mpaka mufike pamene pali zithunzi za ma app. Zimatenga mphindi khumi kapena kuposerapo pang'ono. Akati waiwala pasiwedi, kapena akauntiyo ndi ya mlongo wake amene ali ku Durban, bwezani foniyo mwaulemu.

Loko yachiwiri yafala zaka zaposachedwapa, ndipo ndi imene ikupweteka anthu ambiri amene ndimacheza nawo. Masitolo ambiri tsopano amapereka mafoni pangongole yolipira pasabata kapena pamwezi kudzera m'makampani monga PayJoy, ndipo mafoniwo amakhala ndi pulogalamu imene imawatseka wolipira akadumphitsa. Palibe cholakwika ndi malonda amenewa kwa munthu amene wawamvetsa n'kuwavomera. Vuto limabwera pamene wina watenga foni yotere, walipira kawiri kapena katatu, n'kuigulitsa kwa inu ngati yake. Foni imakhala yatsopano, bokosi lilipo, chaja ilipo, mtengo ndi wokoma. Tsiku lolipira likadutsa, galasi limadzaza ndi uthenga wa ngongole ya munthu wina. Kufufuta foni sikuchotsa loko imeneyi. Yang'anani pamndandanda wa ma app ngati pali ya kampani ya ngongole imene ikukana kuchotsedwa, ndipo mukamaiyatsa itafufutidwa werengani bwino ngati ikunena kuti foniyi ikuyang'aniridwa ndi kampani ina. Foni yatsopano kwambiri yogulitsidwa theka la mtengo wake ndi nkhuyu ija akulu adati ndi yokoma kunja koma m'kati muli nyerere. Pemphani lisiti yoonetsa kuti idalipiridwa yonse.

Loko yachitatu ndi ya netiweki, ndipo imatikhudza ife alendo kuposa eni dziko. Mafoni ena otchipa amagulitsidwa atamangiriridwa ku kampani imodzi, moti salandira SIM ya kampani ina. Kwa munthu wa m'tauni ili si vuto lalikulu. Koma inu amene mumagwira ntchito m'mafamu a ku De Doorns, Ceres kapena Tzaneen mukudziwa kuti pali zigwa zimene netiweki imodzi yokha ndiyo imafika, ndipo nyengo yokolola ikatha mumasamukira kumene kumafika ina. Ndiye pali ulendo wa kumudzi. Foni yomangiriridwa siidzalandira SIM ya TNM kapena Airtel mukafika ku Mwanza, ya Econet ku Beitbridge, kapena ya Movitel ku Tete. Ndaonapo foni itatumizidwa kwa mayi okalamba kudzera kwa oyendetsa mabasi, mtengo wotumizira utalipiridwa, n'kukangokhala m'sutukesi chifukwa ikufunsa nambala yotsegulira imene palibe akuidziwa. Tengani ma SIM awiri a makampani osiyana popita kogula, wanu ndi wa mnzanu, ndipo muyese onse.

Zotsalazo ndi za thupi la foni, ndipo n'zosavuta kuziona ngati simukuthamangitsidwa. Batire ndilo loyamba, makamaka kwa inu amene mumakhala m'nyumba zopanda magetsi kapena mumalipira kuti mutchajitse. Onani peresenti pamene mukuyamba kuyesa ndi pamene mukumaliza. Ikatsika kwambiri m'mphindi makumi awiri, kapena foni ikatentha m'manja mukungoonera kavidiyo, batirelo latopa. Igonekeni patebulo ndi kuyang'ana m'mbali: chivundikiro chakumbuyo chikatukuka kapena galasi likanyamuka, batire latupa, ndipo limenelo likhoza kuyaka moto. Pa iPhone pali malo mu Settings otchedwa Battery Health, ndipo nambala ikatsika pansi pa 80 peresenti dziwani kuti mugulanso batire posachedwa. Tengani chaja yanu, muilowetse, muigwedeze pang'ono. Ikamadukiza, khomo lotchajira latha, ndipo fumbi la kumunda lidzalimaliza.

Tulutsani kathireyi ka SIM n'kuunika m'katimo ndi tochi ya foni ina. Mafoni ambiri ali ndi kachizindikiro koyera kamene kamasanduka kofiira madzi akalowa. Foni imene idagwera m'madzi ikhoza kugwira ntchito lero n'kufa mwezi wamawa dzimbiri likadya m'kati. Pa mafoni ambiri a Samsung, kuimba *#0*# kumatsegula malo oyesera mitundu ya galasi ndi mmene likumvera chala. Pa mafoni ena, ingogwirani chithunzi cha app n'kuchikoka pang'onopang'ono m'makona onse a galasi. Chikakupulumukani pamalo amodzimodzi kawiri, pamenepo galasi lidafa.

Musaiwale maikolofoni. Ife timakhalira mauthenga a mawu, chifukwa makolo ambiri kumudzi sawerenga, ndipo ngakhale owerenga amafuna kumva mawu a mwana wawo. Jambulani mawu anu n'kuwamvetsera. Imbirani mnzanu, mumufunse ngati akukumvani bwino, muyese sipika yapakhutu ndi yaikulu yomwe. Kamera musaiyese pojambula nkhope ya wogulitsa kapena maluwa. Jambulani pepala lolembedwa timalemba ting'onoting'ono, monga lisiti ya m'sitolo, kenaka mukulitse chithunzicho. Ngati manambala sakuwerengeka, kamera imeneyo siidzakuthandizani tsiku limene mukufuna kujambula pepala la malipiro kapena chilolezo.

Ukalamba wa foni nawo ndi vuto ngakhale thupi lake likhale langwiro. WhatsApp imasiya kugwira pa mafoni akale nthawi ndi nthawi, ndipo kuyambira mu Okutobala 2023 siigwira pa Android yotsika kuposa 5.0. Ma app a mabanki amafuna yatsopano kuposa pamenepo. Boma la South Africa lakhala likukonza zothetsa netiweki za 2G ndi 3G, choncho foni yopanda 4G musaigule ngakhale itatchipa bwanji. Mafoni a Huawei amene adatuluka dziko la America litaika ziletso zake mu 2019 ambiri alibe Play Store ya Google, ndipo ngakhale ali mafoni olimba, kuikamo ma app ena kumavuta kwa munthu wosazolowera. Malo osungira zinthu a 32GB amadzaza msanga ndi mavidiyo a m'magulu a mpingo ndi a maliro. Kuona kwanga, 64GB ndi poyambira. Ndipo samalani ndi mafoni achinyengo olembedwa dzina la kampani yotchuka: amalemba mu Settings manambala akuluakulu abodza, koma amadziulula okha ndi kuchedwa kwake ndi zithunzi zake zosaoneka bwino.

Pano ndinene maganizo amene ena sagwirizana nawo. Ambiri a ife timakopeka ndi foni yapamwamba ya zaka zisanu zapitazo kusiyana ndi foni wamba yatsopano ya mtengo womwewo, chifukwa dzina lake limamveka bwino tikapita kumudzi pa Khirisimasi. Koma foni wamba yatsopano imabwera ndi batire latsopano, lisiti ya dzina lanu ndi chitsimikizo cha chaka kapena kuposerapo, pamene yapamwamba yakaleyo galasi lake likasweka mtengo wokonzetsa ukhoza kuposa umene mudagulira. Musanapite kokagula yakaunjika, dutsani kaye m'masitolo muone mitengo ya zatsopano, ndipo mufunsenso komweko ngati zili zomangiriridwa ku netiweki imodzi. Nthawi zina mudzapeza kuti yakale ija sikutchipa monga mumaganizira. Nthawi zina ikutchipadi, ndipo palibe cholakwika kuigula.

Pali foni ina yakale imene siidutsa kumsika, ndiyo imene abwana kapena adona amakupatsani akagula yatsopano. Kawirikawiri imaperekedwa ndi mtima wabwino, ndipo apa manyazi amakula kuposa pena paliponse, chifukwa mphatso siifunsidwa mafunso. Komabe funsani ziwiri. Choyamba, kodi ndi mphatso kapena idzadulidwa pamalipiro? Ndime 34 ya Basic Conditions of Employment Act siilola olemba ntchito kudula ngongole yotere pamalipiro anu popanda inu kuvomera molemba, choncho mtengo ndi kadulidwe kake zidziwike tsiku lomwelo, osati pakutha pa mwezi mukuwerenga ndalama zoperewera. Ngati ndi mphatso, pemphani kauthenga konena choncho, kuti ubale ukadzasokonekera foniyo isadzatchedwe yakuba. Chachiwiri, akaunti yawo ichotsedwe. Ikatsalamo, akhoza kuona pamene foniyo ili nthawi iliyonse, ngakhale tsiku lanu lopuma, ndipo akhoza kuitseka kapena kuifufuta ali kutali. Ambiri sadzachita zimenezo, ena sadziwa n'komwe kuti n'zotheka. Koma umboni wanu wa ku CCMA usakhale m'foni imene kiyi wake ali ndi munthu amene mungadzatsutsane naye.

Ndikudziwa kuti ena mukuti zonsezi n'zambiri kwa munthu amene ali ndi tsiku limodzi lopuma, ndipo Chingerezi cha mu Settings n'chovuta. Musapite nokha. Pa famu iliyonse ndi mumpingo uliwonse pamakhala wachinyamata mmodzi amene zala zake zimadziwa mafoni, ndipo botolo la zoziziritsa kukhosi ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi R1,500. Anthu awiri savuta kukana, ndipo wogulitsa sawathamangitsa mmene amathamangitsira munthu mmodzi. Ngati mwapeza foniyo pa Facebook, musatumize ndalama ya chikole musanaigwire m'manja, ngakhale akuuzeni kuti ogula ena atatu akudikira. Kumanani masana, pamalo a anthu ambiri, makamaka pafupi ndi sitolo ya kampani ya mafoni kumene mungapemphe kuti akuonereni ngati IMEI ili pamndandanda wa mafoni otsekedwa. Wogulitsa akakana malo otero n'kukuitanirani kuseri kwa nyumba, moyo wanu ndi umene uli pachiswe, foni ndi nkhani yaing'ono.

Mukagula, ntchito yatsala pang'ono. Lembani IMEI papepala n'kulisunga pamodzi ndi pasipoti, chifukwa foni ikadzabedwa kampani ya netiweki idzafuna nambalayo kuti iitseke, ndipo apolisi adzafuna nambala imene kampaniyo idzakupatseni. Tsegulani akaunti ya Google yanuyanu, osati imene wakutsegulirani wa pasitolo ndi pasiwedi yodziwa iye yekha, ndipo pasiwediyo muilembe pamalo obisika. Konzani kuti zithunzi ndi mauthenga a WhatsApp zizisungidwanso muakauntiyo, kuti foni ikatayika umboni usatayike nayo. SIM yanu ikhale yolembetsedwa pa RICA m'dzina lanu, chifukwa nambala yolembetsedwa m'dzina la munthu wina imavuta kuibwezeretsa ikatayika, pamene ndi nambala yomweyo imene banki ndi abale anu akuidziwa.

Mayi a ku Ntcheu aja adasunganso ndalama miyezi iwiri, ndipo ulendo uno tidapita atatu, iwo, ine ndi mdzukulu wa mnzawo wa kwaya amene amadziwa za mafoni. Tidakhala m'kasitolo kena mphindi pafupifupi makumi anayi. Foni yoyamba idakana SIM yachiwiri. Yachiwiri idadutsa zonse kupatula khomo lotchajira limene limadukiza, ndipo mwini sitolo adatsitsa R200 atadandaula kuti tikumuthamangitsira makasitomala. Pomaliza mayiwo adamupempha kuti alembe IMEI palisiti. Iye adati si mwambo wa pasitolo pake. Adangomuyang'ana, ndalama zili m'manja, mpaka adatenga cholembera. Chithunzi choyamba chimene foniyo idajambula chidali cha lisitiyo, ndipo manambala onse 15 ankawerengeka.